Tsiku Limene Ndinatumiza a Trevor Kunkhondo Kachiwiri

Ndiyambe ndi kunena kuti ntchito sanandichotse. Ndayambira pamenepa chifukwa aliyense amene ndamuuzapo nkhaniyi amandidula ndisanafike pakati, amvekere, "Ndiye mukugwirabe komweko?" Ndikugwirabe. Koma panali mphindi zingapo zimene ndinaima pakati pa chipinda chodyera, kampira ka bingo kali m'manja, ndikudziona ndili mundege kubwerera ku Lilongwe, abale akundichingamira n'kumafunsa kuti chachitika n'chiyani.

Ndimasamalira okalamba panyumba ina ku Rockingham. Zimene ndikufotokozazi zinachitika nthawi ya korona, malire a dera lathu lino atatsekedwa moti ngakhale munthu wa ku Melbourne ankaoneka ngati wochokera kunja. Alendo panyumbapo analetsedwa. Agogo athu ankangoona nkhope zathu, nkhope zakenso theka, mphuno ndi pakamwa zili m'maski.

Nyimbo imene inandigwetsa m'mavutoyi inandipeza m'galimoto, m'mawa wina ndikupita ku shifiti. Pali wailesi ina kuno imene imaika nyimbo zakale za magitala amagetsi, zija azibambo a imvi amatsegulira mawindo onse. Ineyo ndine wa kwaya, zaphokoso sindizikonda. Koma iyi inali ina. Imayamba ndi ng'oma yokha, gubudu gubudu, ngati chinthu chikugubuduzika m'mgolo, kenako gitala amalowa mwaukali, kenako woimba wa mawu osasa ngati wachezera kumaliro. Pofika pamaloboti achiwiri mapewa anga anali atayamba kale ntchito.

Tsono mundimvetse. Chingerezi ndimachidziwa. Mayeso olowera m'dziko lino ndinakhoza ulendo umodzi (ndipo sindichedwa kuuza anthu zimenezi). Koma mzungu wa kuno akamalankhula amameza theka la mawu, ndiye akamaimba amameza ndi theka linalo. M'nyimbo yonseyo ndinatolamo mawu atatu okha: tsiku lobadwa, mwayi, ndi nambala. Ena onse ndinkadzaza ndi "nananana". Nkhani yake ndinalumikiza ndekha, osavutika: mnyamata wina wawina lotale pa tsiku lake lobadwa. Ndinamusangalalira mnyamatayo ndi mtima wonse.

Nyimboyo ndinaiika kuti izilira pafoni wina akandiimbira. Tsiku lina inalira ndili pamzere ku famase. Bambo wina wachikulire amene anali kumbuyo kwanga anandigwira pachigongono (zoletsedwa nthawi imeneyo), maso ake ali ndi misozi.

"Si ambiri a msinkhu wanu amene amaidziwa imeneyo," anatero.

"Ii, bambo, ndimaikonda kwambiri," ndinayankha. "Ndimavina m'mawa uliwonse. Imandiseketsa!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera mmbuyo sitepe imodzi. Ine ndinaganiza kuti akumbukira lamulo lotalikirana.

Tsopano ndikuuzeni za a Trevor. Pa agogo onse amene ndawasamalirapo, sindinaonepo munthu waulemu wake ngati ameneyu. Anagwira ntchito yokonza makina ku mafakitale a ku Kwinana moyo wawo wonse, mpaka sitiroko inawalanda dzanja ndi mwendo wakumanzere. Ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse ngati akulinyamula kuchokera pansi. Koma ndevu ankameta okha ndi dzanja limodzi, ndipo belu loitanira ife sankaliliza pa zinthu zazing'ono. Alendo ataletsedwa, agogo ambiri anafooka, ena mpaka kusiya kudya. A Trevor ankadzikankha pa wilitcheya chitseko ndi chitseko, nyuzipepala ili pamwendo, kuwawerengera anzawo osaona bwino zotsatira za mpira. Wina akayamba kulira ankangokhala naye duu mpaka atonthole, kenako n'kupitiriza kuwerenga pamene analekeza. Dzina langa linawavuta kutchula, ndiye ankangondiitana kuti Malawi. Anaphunzira kunena kuti zikomo, ndipo ankanena ngakhale ndawabweretsera mankhwala owawa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Julie, amakhala ku Melbourne, ndipo panali patadutsa chaka ndi miyezi asanaonane. Tsiku loti a Trevor akwanitse zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu linali pafupi. Maphwando otere amakonza ndi mayi wina wa konkuno, wodziwa zinthu. Koma sabata imeneyo mayiyo anatsokomola, ndipo masiku amenewo ukangotsokomola kamodzi umapita kwanu kukadikira zotsatira. Abwana athu anafunsa pamsonkhano wa m'mawa kuti ndani angathandize. Dzanja langa linakwera lokha.

"Musadandaule," ndinatero. "Nyimbo ndili nayo kale."

Sanafunse kuti ndi iti. Nanenso sindinanene, ndinkafuna kuti adzadabwe. Anzanga a pa shifiti imeneyo anali mtsikana wa ku Nepal ndi mayi wa ku Philippines, ndipo nditawayimbirako pang'ono m'chipinda chochapira onse anavomereza kuti ndi yabwino kuvina. Munthu yekhayo amene akanandipulumutsa anali Dailesi, nesi wa ku Chipata amene wakhala kuno zaka zambiri ndipo mwamuna wake ndi wa konkuno. Koma Dailesi ndinamubisira dala. Amakonda kukonza mapulani a anzake.

Pakanathera pa nyimbo pokha, mwina bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma ine ndikaganiza ndimaganiza mopitirira. Ndinati, poti nyimboyi ndi ya lotale, bwanji tichite lotale yeniyeni? Panyumbapo tili ndi kamgolo ka waya kozungulitsa, kochitira bingo, masewera aja otola manambala, Lachitatu lililonse. Ndinatola m'mafailo tsiku lobadwa la gogo aliyense, n'kulemba pa timapepala tokongola. Ndinagula bokosi la chokoleti. Kampira ka nambala ya a Trevor ndinakatulutsa m'mgolomo n'kukabisa m'thumba la epuloni, kuti pasapezeke wina wowalanda mwayi pa tsiku lawo. (Inde, wa kwaya wanuyu anabera lotale. Zimenezi ndinalapa padera.)

Tsikulo linafika. Masana, titatha kudya, tinasonkhanitsa agogo khumi ndi awiri m'chipinda chodyera, aliyense patebulo lake motalikirana. Mabaluni ali lendelende, keke ili pakati. A Trevor anavala shati yoyera imene anapempha kuti iwasitidwe. Julie tinamuimbira pa tabuleti n'kuitsamiritsa ku mtsuko wa maluwa, moti ankaona chipinda chonse.

Ndinaima kutsogolo n'kuwomba m'manja.

"Lero tichita zapadera!" ndinalengeza. "Aliyense ali ndi nambala, ndipo nambala yanu ndi tsiku limene munabadwa. Tsiku la amene lituluke m'mgolomu, ameneyo ndiye wamwayi!"

Gogo wina wamkazi amene anali pafupi ndi zenera anabweza kapu yake ya tiyi pambale pang'onopang'ono, asanamwe. Ndinaona, koma ndinati tiyi watentha.

Ndinadina foni, sipika inayankha. Gubudu gubudu, ng'oma ija. Ine dzanja pa chogwirira cha mgolo, kuzungulitsa motsatira ng'oma. Gitala atalowa, chiuno nachonso chinalowa. Anzanga awiri aja ankawomba m'manja kumbuyo monga tinapanganirana. Agogo onse anali chete, ndipo ine ndinati ndi manyazi a azungu, ndiye ndinawonjezera mphamvu. Ndinavina mpaka maski inatsetsereka. Pofika pa kolasi ndinapisa dzanja m'thumba mochenjera, kunamizira ngati ndatola m'mgolo, n'kukweza kampira kaja m'mwamba.

"A Trevor! Tsiku lanu latuluka! Mwasankhidwa!"

Ndinaliza ndi nthungululu yomwe.

Pa tabuleti, Julie anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Dailesi analowa ndi tirole ya mankhwala. Anaima. Anayang'ana sipika, mgolo, kampira, a Trevor, kenako ine.

"Asisi, zimyani iyo nyimbo," anatero m'Chinyanja chake cha ku Zambia, motsitsa mawu koma mano atalumana. "Zimyani manje manje."

"Bwanji? Ndi ya tsiku lobadwa."

"Ni ya nkhondo iyo! Simuziba? Boma inali kusankha anyamata na masiku yobadwa, kuchosa mu mgolo, monga mwamene mwachitila apa. Aba batate banayenda ku Vietnam so chabe!"

Chala changa chinaphonya batani katatu. Kachitatuko ndinakweza voliyumu. Nyimbo itazima, m'chipindamo munangomveka firiji. Baluni imodzi inasankha nthawi yomweyo kuti iphulike, ndipo gogo wina anafuula.

Ndinaganiza za viza yanga, imene inamangiriridwa ku ntchito imeneyi. Ndinaganiza za ana anga awiri amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno, kuti ndikawafotokozera bwanji agogo awo ku Area 25. Koma choposa zonse ndinaganiza za munthu uyu amene anandiuza zikomo m'chilankhulo changa tsiku lililonse, kuti ndamuchita chipongwe chotere mwana wake akuonerera.

A Trevor sanagwedezeke. Nkhope yawo, mbali imene imagwira ntchito, sinkaonetsa kalikonse. Kenako anakweza chala.

"Malawi, bwera kuno."

Ndinapita. Miyendo inagwada yokha monga tinaleredwera, ngakhale malamulo a kuno salola kugwada pansi ndi yunifomu.

"Kampirako ndione."

Ndinawapatsa. Anakazungulitsa m'dzanja lawo lamphamvu lija, n'kuwerenga nambala yake.

"Aka n'kachiwiri ndikuwina," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Koyamba anandipatsa mfuti ndi nsapato zothina. Lero pali chiyani?"

"Chokoleti," ndinayankha ndi kamawu kochokera kutali.

"Ndiye kuti dziko lino likupita patsogolo."

Anayamba kuseka. Poyamba mapewa okha, kenako chifuwa chonse, mpaka kutsokomola moti Dailesi anathamangira kukawamenya pamsana. Gogo wa pazenera uja anaseka akupukuta m'maso. Ena anatsatira. Ine sindinaseke nawo. Ndinadula keke, zidutswa zake zina ngati njerwa, zina ngati pepala.

Titatha keke ndinayamba kutola mbale mofulumira kuti ndikabisale kukhitchini, koma a Trevor anandiimitsa.

"Nditengere pakhonde. Tenganso foni yako ija."

Ndinanyamula tabuleti kuti ndidule, ndipo Julie analankhula koyamba. "Musadule," anatero, mawu ake ali ouma. Choncho ndinaigwira m'manja ola lathunthu, mkono ukuwawa, ndipo ndinati chimenecho chikhale chilango changa.

Pakhonde panali kadzuwa ndi kamphepo kochokera kunyanja. A Trevor anandiuza kuti ndiyiikenso nyimbo ija, koma ndiziimitsa akakweza chala. Chala chinakwera ng'oma isanathe n'komwe.

"Ukumva chiyani?"

"Ng'oma."

"Ndi mgolo umenewo. Ukuzungulira."

Anandifotokozera kuti nthawi imeneyo boma linkafuna asilikali, koma silinkafuna anyamata onse. Ndiye mnyamata aliyense wokwanitsa zaka makumi awiri ankalembetsa, akuluakulu n'kuika timipira tamatabwa m'mgolo, kampira kalikonse kakuimira tsiku la pa kalendala. Tsiku lako likatuluka, kalata inkabwera. Likapanda kutuluka, unkapitiriza moyo wako ngati palibe chachitika.

Vesi loyamba, lija ndinkati mnyamata akusangalala, linali la mnyamata akutsegula kalatayo bambo ake akumugwira chanza, kumuuza kuti ndi wamwayi. Vesi lachiwiri linali la mnzake woyandikana naye nyumba, wobadwa tsiku lotsatira, amene anatsala n'kugula galimoto. Apa a Trevor anakweza chala.

"Wanga analinso pompo, khomo lachitatu. Tinasiyana masiku awiri. Nditabwerako ankandithawa mumsewu. Ndinkaganiza kuti amandida. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti anali ndi manyazi."

Vesi lachitatu, pamene magitala amatsika pang'ono ndipo ine ndinkapumira pokonzekera kolasi yomaliza, linali la mayi wa mnyamatayo. Akudziimba mlandu kuti akanalimba mtima maola ochepa chabe, mwana akanabadwa tsiku lina.

Chala sichinakwere, koma ndinaimitsa ndekha.

"Mayi anga ananenapo zimenezo," anatero a Trevor. "Kamodzi kokha, akutsuka mbale, atandifulatira."

Ndinakumbuka tsiku limene ndinabereka mwana wanga woyamba, mmene ndinkakuwira anamwino kuti mwanayo angotuluka basi, tsiku lililonse, ola lililonse. Maski yanga inanyowa.

Ndinawafunsa chimene chinkandivuta kwambiri: ngati nkhani yake ndi yotere, n'chifukwa chiyani anaiimba mothamanga chonchi, moti munthu wosalakwa ngati ine n'kumavina?

Anati anyamata amene anaipeka ankaimba m'mabala, ndipo mchimwene wake wa woimba ng'oma anali mmodzi wa osankhidwa aja. Inatuluka patadutsa zaka nkhondo itatha, nthawi imene anthu sankafuna kumva za nkhondoyo, ndipo amene anapitako anaphunzira kutseka pakamwa. Akanaiimba mwachisoni, palibe bala imene ikanailola. Ndiye anaiveka zovala za phwando kuti ilowe pakhomo. Anthu ankavina kaye miyezi ingapo, kenako mmodzimmodzi n'kuyamba kumva mawu ake.

"Si iwe woyamba, Malawi. Dziko lonse linavina. Iwe wangochedwa."

Zimenezi ndinazimva msanga, chifukwa kwathunso timatero. Ndi kangati tavina paukwati nyimbo yonena za matenda amene anatha abale athu, tikuponya mapazi, mawu ake n'kudzatipeza mawa lake tikuchapa? Ngakhale beni amene tinkathamangira kukaonera tili ana anabwera ndi anthu ochokera kunkhondo. Ndinawauza a Trevor zimenezi, ndipo anandifunsa mafunso ambiri moti tinatsala pang'ono kuiwala za nyimbo.

Koma chimene sindidzaiwala ndi mmene iwo anaimvera koyamba. Anali kuntchito ku Kwinana, wailesi ikulira pashelefu. Vesi lachiwiri litafika anazimitsa makina n'kungoima. Atadzutsa mutu anaona kumapeto kwa shedi bambo wina naye wazimitsa makina ake, wangoima. Anali atagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, kudyera pa benchi imodzi, osadziwa kuti onse anapitako. Sanalankhulane tsiku limenelo. Mawa lake mnzawoyo anabwera ndi masangweji awiri, ndipo anakhala mabwenzi mpaka a Trevor ananyamula nawo bokosi lake la maliro.

Pa tabuleti panamveka kufwenthera. "Adadi," anatero Julie, "amene uja tinkapita naye kukawedza? Simunandiuzepo."

"Sunandipangirepo lotale," anayankha a Trevor.

Mawa lake abwana anandiitana. Lipoti ndinalemba, masamba awiri, ndipo liwu lakuti pepani linalimo kasanu ndi kawiri. Julie anali atawaimbira kale abwanawo. Anandiuza yekha patapita masiku kuti pamene ndinakweza kampira kaja ankafuna kutulukira pa tabuleti kuti andiwombe mbama, ndipo kalata yodandaula anali atayamba kuilemba m'mutu. Koma ola la pakhonde lija anamva zinthu zimene anadikira zaka makumi anayi, ndiye kalatayo inathera m'mutu momwemo. Abwana atapita kukafunsa mwiniwake ngati akufuna kudandaula, a Trevor anati dandaulo lawo ndi limodzi: chokoleticho chinali ndi mtedza, ndipo mano awo ndi oikirira. Ndinalandira chenjezo la pakamwa, komanso lamulo lakuti nyimbo iliyonse ndizidutsa nayo kaye kwa Dailesi. (Dailesi lamuloli amalikonda kuposa tchuthi.)

Malire atatsegulidwa Julie anabwera, ndipo mbama ija sanandiwombe. Anandikumbatira pamalo oimika magalimoto mpaka magalasi anga anapindika.

Kuyambira pamenepo a Trevor anadzipatsa ntchito yondiphunzitsa. Lachinayi lililonse, ndikamaliza kuwapatsa tiyi, amasankha nyimbo imodzi yakale, ndipo ine ndimayenera kumvetsera mpaka kumapeto, mapewa ali phee, n'kunena kuti ikunena chiyani. Ndaphunzira za migodi, za masitalaka, za anthu amene analandidwa malo awo, zonse kudzera m'magitala amene kale ndinkati ndi phokoso. Ndinasintha ndithu. Ndinakhala munthu wosamala.

Mwezi watha anandiikira ina yoyenda pang'onopang'ono, woimba akuchita kulira, gitala akubuula. Ndinatolamo mawu akuti Loweruka, anyamata athu, ndi akuti sabweranso. Ndinaika thireyi pansi. Ndinaimirira mowongoka, manja kutsogolo, mutu woweramitsa. Itatha ndinadikira kaye pang'ono mwaulemu, kenako ndinafunsa monong'ona kuti anafa anthu angati.

A Trevor anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Malawi, khala pansi. Timu yake yaluza fainolo."